Kutsitsa galimoto osathyola msana: kasankhidwe ka masipuling'i ndi mashoko pa misewu ya Lusaka

Galimoto yoyamba imene ndinatsitsa inali Corolla yakale, ndipo tinaitsitsa ndi gulayinda. Mnyamata wina wa pagalaja ya pansi pa mtengo anadula makoyilo awiriawiri pa sipuling'i iliyonse, n'kubwerera m'mbuyo akupukuta m'manja, amvekere, "Bosi, apa ndiye yakhala. Taonani mmene yagonera." Inagonadi mokongola. Koma sabata yachitatu isanathe, hampu ina ya ku Chilenje inang'amba sampu, oyilo yense waa! pamsewu. Walira mvula walira matope. Mnyamatayo sindinamuimbe mlandu, poti anachita zimene ndinamutuma. Wolakwa ndinali ine, amene ndinangofunsa kuti galimoto itsika bwanji, osafunsa kuti tayala litsala ndi mpata wotani wokwerera m'mwamba likakumana ndi hampu.

Mpata umenewo ndiwo mwini nkhani. Kulimba kwa sipuling'i kumachokera pa mpatawo, ndipo kachunidwe ka shoko kamachokera pa sipuling'i. Mukasokoneza ndondomeko imeneyi mudzakhalira kupotokola makiliki a kachunira kolimbitsira kapena kufewetsera shoko chaka chonse osapeza mtendere.

Yambani ndi tepi, sipanala ibwera pambuyo

Imikani galimoto pa simenti yosalala, mafuta ali theka la thanki, matayala ali ndi mpweya woyenera. Yezani kuchokera pakatikati pa habu kufika pamlomo wa madigadi, pa matayala onse anayi, ndipo mulembe m'kope. Musayeze kuchokera pansi, chifukwa mpweya wa m'tayala ungakunamizeni.

Kenako pezani kamkanda kapulasitiki komangira mawaya, kaja amati cable tie. Kwezani labala yotchinga fumbi pa shoko, mangani kamkandako pa ndodo yonyezimira ija, ndipo mukatsitsire pansi mpaka kakhudze thupi la shoko galimoto ili chiimire pa matayala ake. Mtunda wochokera pa kamkandako kufika pa labala yolimba imene ili pamwamba, ija amati bump stop, ndiwo mpata wanu. Mukayenda tsiku limodzi m'njira zanu za masiku onse, suzumiraninso. Shoko ikamafinyika imakankhira kamkandako m'mwamba, ndipo kamatsala pamene kanafika. Mukakapeza kataphwanyikira mu bump stop galimoto isanatsitsidwe n'komwe, dziwani kuti misewu yanu ikudya kale mpata wonse umene a fakitale anakupatsani.

Apa m'pofunika kunena zoona pa za kumene mumayenda. Wokhala ku Woodlands wogwira ntchito ku Longacres sakumana ndi zimene amakumana nazo wa ku Kanyama mvula ikagwa mu January, pamene dzenje limabisala pansi pa madzi. Werengani mahampu a pakati pa kwanu ndi kuntchito, kumbukirani khomo la geti yanu, ngalande ya pamsewu wolowera kwa amayi ku Mtendere, chitunda chokwerera pamalo oimika magalimoto ku mashopu. Kwa ine, galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku mu Lusaka isatsike kupitirira mamilimita 30 kapena 35. Masipuling'i otsitsira a makampani odziwika ngati Eibach ndi H&R nawonso ambiri amasewera chapomwepo. Wofuna mamilimita 60 akhale ndi galimoto ina yopitira kumsika.

Chifukwa chake sipuling'i iyenera kulimba

Tiyerekeze kuti galimoto yanu ili ndi mpata wa mamilimita 90 kutsogolo, ndipo pamafunika makilogalamu 2.2 kuti thupi lake litsike milimita imodzi pa tayala limodzi. Ndiye kuti tayalalo lingalandire makilogalamu ena pafupifupi 200 lisanagunde bump stop. Mwatsitsa mamilimita 35, mpata watsala 55. Sipuling'i ikakhala yofewa ngati kale, makilogalamu 120 okha ndi okwana kuigunditsa. Kuti ibwerere pa 200 paja, tayala lililonse lifunika makilogalamu 3.5 kapena 3.6 pa milimita. Masamu ake ndi omwewo: mpata ukachepa, kulimba kukwere mofanana.

N'chifukwa chake kudula kumakhumudwitsa. N'zoona kuti sipuling'i ikadulidwa imalimbako, pakuti makoyilo ogwira ntchito achepa. Mukachotsa koyilo imodzi pa makoyilo 6, kulimba kumakwera ndi 20 peresenti. Koma mpata umene mwataya umaposa pamenepo, ndiponso sipuling'i yofupikayo imatha kusuntha pampando wake tayala likalendewera. Zootcha sipuling'i ndi moto wa gasi kuti ifwape ndiye musayerekeze. Moto umapha chitsulocho, chimapitiriza kufwapa mosiyana mbali ndi mbali, kenako chimathyoka.

Manambala a kulimba amalembedwa mitundu itatu. Zochokera ku Japan ndi ku Taiwan zimalemba makilogalamu pa milimita, za ku Ulaya zimakonda N/mm, za ku America lb/in. Kilogalamu imodzi pa milimita ndi 9.8 N/mm, ndiponso ndi 56 lb/in. Wina akakuuzani kuti ali ndi sipuling'i ya 450, musadzidzimuke, imeneyo ndi ya makilogalamu 8.

Pezani kulemera kumene sipuling'i imasenza

Kulemera kwa galimoto yonse kuli mu white book, chikalata cha umwini wa galimoto, koma sikelo yeniyeni imaposa pepala. Ogula zitsulo zakutha ndi ogula chimanga ambiri ali ndi sikelo yokwerapo galimoto; apempheni bwino, muyeze yonse inu muli momwemo, kenako muyeze matayala akutsogolo okha ali pasikelo. Tiyerekeze kuti yonse yakwana makilogalamu 1,300, kutsogolo 780, kumbuyo 520, monga zimakhalira ndi magalimoto ambiri okoka ndi matayala akutsogolo. Tayala limodzi lakutsogolo lasenza 390, lakumbuyo 260.

Koma sipuling'i sisenza tayala, rimu, habu ndi mabuleki. Zimenezo zakhala pansi pake. Chotsani makilogalamu ngati 45 kutsogolo ndi 35 kumbuyo. Mwatsala ndi 345 ndi 225. Awa ndi manambala ongoyerekezera. Inu muike anu.

Kanjanjidwe: nambala imene msana wanu umamva

Thupi la galimoto likadidikizidwa n'kusiyidwa limanjanja pa masipuling'i ake, ndipo liwiro la kunjanjako limayezedwa mu Hz, kutanthauza maulendo angati pa sekondi. Nambala imeneyi ndi imene imakuuzani ngati galimoto ili yofewa kapena yolimba, osati nambala yolembedwa pa sipuling'i. Sipuling'i ya makilogalamu 6 ndi mwala pansi pa Vitz koma ndi yofatsa pansi pa Mark X.

Magalimoto wamba amachoka ku fakitale akunjanja pakati pa 1.0 ndi 1.5 Hz. Olimbitsidwa koma oyendabe pamsewu amakhala pakati pa 1.5 ndi 2.0. Kupitirira 2.0 ndi dera la magalimoto a mpikisano pa tala yosalala ngati tebulo. Pa misewu yathu ine ndimaima pakati pa 1.5 ndi 1.7 kutsogolo. Ndinayesapo kupitirira apo, ndipo amayi a kunyumba anayamba kukwera minibasi mwakufuna kwawo.

Kawerengedwe kake n'kosavuta pa foni. Tengani kulemera kuja, chulukitsani ndi Hz imene mwasankha, chulukitsaninso ndi Hz yomweyo, gawani ndi 250. Kutsogolo: 345 kuchulukitsa ndi 1.6, kuchulukitsanso ndi 1.6, kugawa ndi 250, yankho ndi 3.5. Mwaona kuti tafika pa nambala yomwe ija tinaipeza poyang'ana mpata? Njira ziwirizi zikagwirizana, mtima ukhale pansi. Zikasiyana kwambiri, mwachitsanzo mpata ukufuna makilogalamu 6 pamene msana ukufuna 3.5, ndiye kuti mwatsitsa mopitirira. Kwezani galimoto, musalimbitse sipuling'i.

Kumbuyo kuzinjanja mofulumirako pang'ono, ndi 10 peresenti kapena chapompo. Nzeru imeneyi ndi yakale. Maurice Olley, injiniya wa ku Britain amene ankagwira ntchito ku General Motors, anaifufuza m'zaka za m'ma 1930. Matayala akutsogolo ndi amene amayamba kukwera hampu, akumbuyo amabwera mochedwa, ndiye kumbuyo kukakhala kofulumirako kumapezana ndi kutsogolo, thupi lonse n'kukwera ndi kutsika limodzi m'malo mogwedeza mutu ngati bulu wokoka ngolo. Choncho kumbuyo tiike 1.75: 225 kuchulukitsa ndi 1.75 kawiri, kugawa ndi 250, tapeza 2.8.

Pamene ambiri amagwera m'mbuna

Manambala 3.5 ndi 2.8 ndi kulimba kwa patayala, si kwa sipuling'i. Sipuling'i sikhala pakati pa tayala. Imakhala chamkati, pa mkono wa chitsulo, ndipo tayala limaipanikiza ngati munthu wotukula mwala ndi mgwala wautali. Kuti mudziwe kusiyana kwake, ikani galimoto pa masitandi, chotsani sipuling'i, kwezani habu ndi jeke mamilimita 50 kuchokera pamene imakhala galimoto ikaima, ndipo muyeze kuti malo okhala sipuling'i afupika mamilimita angati. Akafupika 35, gawani 35 ndi 50, mupeza 0.7. Nambalayo ichulukitseni ndi iyo yomwe: 0.49. Tsopano gawani kulimba kwa patayala ndi 0.49.

Pa magalimoto amene sipuling'i yavala shoko n'kuima pafupi ndi tayala, mtundu uja wa MacPherson umene uli kutsogolo kwa Corolla, Golf, Impreza ndi ena ambiri, nambalayi imayandikira 0.95. Mukaichulukitsa ndi iyo yomwe mupeza 0.9. Ndiye 3.5 kugawa ndi 0.9 ikupatsani 3.9, tingoti sipuling'i ya makilogalamu 4. Kumbuyo, ngati mwapeza 0.7, 2.8 kugawa ndi 0.49 ikupatsani 5.7. Taonani zodabwitsa: kumbuyo kopepuka kukufuna sipuling'i ya nambala yaikulu kuposa kutsogolo kumene kuli injini. Pa galimoto ina, imene sipuling'i yakumbuyo ili pafupi ndi tayala, yankho likhoza kukhala 3. N'chifukwa chake kukopera manambala a mnzanu wa Altezza n'kuwaika pa Runx n'kungotaya ndalama. Altezza ndi Mark X zili ndi mikono iwiri kutsogolo, ndipo zimafuna masipuling'i a nambala yokwera kuti zimveke chimodzimodzi.

Tsopano ganizirani ma-coilover, mashoko obwera ndi sipuling'i yakeyake olola kuchuna msinkhu wa galimoto, makamaka otchipa aja amene amabwera ndi sipuling'i ya makilogalamu 8 kapena 10 kutsogolo. Pa galimoto yathu yoyerekezera ija, sipuling'i ya 8 ikupatsani pafupifupi 2.3 Hz, ya 10 ikupitirira 2.5. Amawala bwino m'bokosi, ofiira ndi agolide, koma chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Tayala lolimbitsidwa choncho likafika pa zigamba za tala silitsatira msewu, limadumpha, ndipo tayala lili m'malere siligwira buleki. Kulimba kopitirira muyeso kumachepetsa kugwira msewu pa njira yokumbika, ngakhale woyendetsa amamva ngati galimoto yachangamuka.

Muli ndi njira ina yachidule yodziwira kulimba kwa patayala kwa galimoto imene muli nayo kale. Tengani matumba anayi a ufa a makilogalamu 25, muwaike pamwamba penipeni pa matayala akumbuyo, gwedezani galimoto pang'ono kuti ikhazikike, muyezenso pa madigadi. Tayala lililonse lalandira 50. Ikatsika mamilimita 25, kulimba kwake ndi 2. Si muyeso wa mu labotale, koma umakupatsani poyambira.

Musaiwale abale

Masamu onsewa tawachita muli nokha m'galimoto. Koma galimoto ya ku Lusaka siyenda yokha mpaka kalekale. August akafika mudzanyamula azakhali ndi amalume kupita ku Kulamba ku Mkaika, ndipo pobwera kuchokera ku Katete m'buti mudzakhala matumba awiri a chimanga, nthochi ndi nkhuku. Akuluakulu atatu kumbuyo ndi makilogalamu 100 m'buti angaike makilogalamu 125 kapena kuposa pa tayala lililonse lakumbuyo. Pa kulimba kwa 2.8 paja, kumbuyo kutsika mamilimita 45. Ngati mpata wanu unali 55, mwatsala ndi 10, ndipo kutsogoloku kuli mapiri ndi makona a ku Luangwa. Ngati maulendo otere ndi anu, kumbuyo kusatsike kwambiri ngati kutsogolo, kapena mukwezeko kulimba kwake kufika pa 1.8 Hz. Koma musalumphe kwambiri. Kumbuyo kukalimba mopitirira kutsogolo, galimoto imakonda kuponya mchira pa kona, makamaka pa tala yonyowa ndi mvula yoyamba ya mu November, pamene fumbi ndi oyilo zasanduka sopo.

Kusankha mashoko

Sipuling'i imasenza, shoko imaletsa kunjanja. Shoko sikweza galimoto ndipo singakonze sipuling'i yolakwika. Ili ndi ntchito ziwiri: kuchedwetsa kufinyika tayala likamakwera, kumene amati bump, ndi kuchedwetsa kutambasuka sipuling'i ikamabwerera, kumene amati rebound. Pa magalimoto a pamsewu mphamvu ya potambasuka imakhala yoposa ya pofinyika, nthawi zambiri kawiri kapena katatu, kuti dzenje lisamenye thupi mwamphamvu koma sipuling'i isabwerere ngati legeni.

Mashoko a ku fakitale anapangidwira sipuling'i yofewa ndi msinkhu wakale. Mukawamangira sipuling'i yolimba ndi theka kapena kuposa, amalephera kuigwira, galimoto imanjanja, ndipo poti akugwira ntchito chakumapeto kwa mpata wawo satenga nthawi kutha. Nanji galimoto zathu zimafika kudzera pa Nakonde kapena Chirundu zitayenda kale zaka zambiri ku Japan. Mashoko ake amakhala atatopa ngakhale sakudontha. Funani mashoko opangidwira galimoto yotsitsidwa. Kwa Bilstein, B6 ndi ya msinkhu wa ku fakitale pamene B8 ndi yofupikitsidwa kuti igwirizane ndi masipuling'i otsitsira. Koni Sport, yachikasu ija, imalola kuchuna rebound. KYB Excel-G ndi shoko yabwino yolowa m'malo mwa ya ku fakitale, koma ntchito yake ndi imeneyo basi.

Pali mashoko a chubu chimodzi ndi a machubu awiri. A chubu chimodzi amataya kutentha msanga, chinthu chothandiza pa ulendo wautali wa msewu wadothi. A machubu awiri nthawi zambiri amamveka ofewerako pa mabampu ang'onoang'ono, ndipo mwala ukafwanyula chubu chakunja amagwirabe ntchito, pamene wa chubu chimodzi akafwanyuka thupi, pisitoni imakakamira. M'tauni muno onse amakwana. Chachikulu n'chakuti mphamvu yake igwirizane ndi sipuling'i.

Ma-coilover ogwiritsidwapo kale ntchito, aja amabwera m'makontena, ayang'anitsitseni. Ndodo ikhale yosalala yopanda dzimbiri kapena mikwingwirima, pasakhale mafuta pakhosi, maring'i otsitsira azizungulira, ndipo kachunira kazimveka kiliki iliyonse. Pa sipuling'i nthawi zambiri pamalembedwa manambala atatu: kukula kwa m'kati, kutalika ndi kulimba. Ubwino wa ma-coilover ndi woti masipuling'i ake amasinthika, choncho mutha kuchotsa ya 8 n'kuika ya 5 kapena 6 ya kukula komweko. Ingokumbukirani kuti sipuling'i yofewa imafinyika kwambiri posenza galimoto, ndiye ikhale yotalikirapo kuti makoyilo asakhudzane, ndiponso shoko yopangidwira 8 idzafuna kufewetsedwa kwambiri. Mashoko opentedwa mwatsopano opanda bokosi, ogulitsidwa pamtengo wokoma mopitirira, asiyeni pomwepo. Safunsa anadya phula.

Pomanga

Sipuling'i yofinyidwa ndi mfuti yotchera. Gwiritsani zofinyira zake zenizeni, osati waya kapena chingwe, ndipo musalowe pansi pa galimoto yokhala pa jeke yokha kapena pa njerwa.

Pa ma-coilover amene thupi lake limazungulira m'chikho chapansi, msinkhu muzichunira pa chikhocho. Ring'i ya pansi pa sipuling'i ingomangidwa mpaka sipuling'i isagwedere tayala likalendewera, n'kuwonjezera mamilimita ochepa monga anenera opanga. Kuimanga kwambiri sikulimbitsa sipuling'i wamba ya makoyilo ofanana. Kumangokweza galimoto n'kudya mpata wotsikira tayala m'dzenje. Ambiri amagawa mpata wonse wa shoko patatu: magawo awiri okwerera, limodzi lotsikira. Bump stop isachotsedwe. Ngati ndi yaitali kwambiri pa msinkhu watsopano, pezani yaifupi yopangidwira zimenezo, chifukwa popanda iyo chitsulo chidzamenya chitsulo ndipo shoko idzafa tsiku lomwelo.

Mabawuti onse odutsa m'mabushi a labala amangidwe komaliza galimoto itakhala pa matayala ake. Amakaniko ambiri amamanga ili m'malere chifukwa n'kosavuta, ndiye ikatsika labala imakhala yopotoka usana ndi usiku, miyezi ingapo yang'ambika. Muuzeni mwaulemu: "Amisiri, timange ikatera pansi." Pakani girizi pa mazinga a coilover, apo ayi matope a dzinja limodzi adzawamata moti ngakhale nyundo idzalephera.

Kuchuna makiliki

Apa ndi pamene pamafunika kudekha, ndipo kuona maso a nkhono n'komweko. Sankhani njira imodzi ya makilomita atatu kapena anayi yokhala ndi hampu, zigamba, kona imodzi yabwino ndi kachigawo kosalala. Lamulungu m'mawa misewu ya ku mafakitale imakhala pululu. Kumeneko n'kwabwino kuposa kuyesera pa Great East Road pakati pa minibasi. Liwiro likhale lololedwa, simukufuna kuthamanga kuti mumve shoko. Tengani kope.

Zungulizani kachunira mpaka kumapeto kolimba, pang'onopang'ono, ndipo kakaima musakakamize, chifukwa m'katimo muli kasingano kosachedwa kuwonongeka. Kuwerenga kuyambire pamenepo kubwerera kofewa, chifukwa kumapeto kolimba ndi kumene mashoko onse anayi amafanana. Ena ali ndi makiliki 16, ena 30 ngati BC Racing BR, pamene Koni imawerengedwa ndi mazungulo. Yambirani chakofewa, ngati magawo awiri mwa atatu kuchokera kolimba. Kumanzere ndi kumanja kuzikhala kofanana nthawi zonse.

Kwerani hampu pa liwiro la makilomita 20 kapena 25 pa ola, mumvetsere thupi likatsika. Loyenera limakwera, kutsika, n'kukhazikika kamodzi. Likanjanja kawiri kapena katatu ngati bwato, limbitsani makiliki awiri kumbali imene ikunjanjayo, kutsogolo kapena kumbuyo, mubwerezenso. Pitirizani mpaka kunjanja kuthe. Mukapitirira mudzadziwa: galimoto imayamba kunjenjemera pa timabampu tating'ono, dashibodi kulira, mutu wanu kugwedezeka ngakhale pamsewu wooneka wosalala. Pamenepo bwererani kiliki imodzi kapena ziwiri. Malo abwino ndi ofewetsetsa amene akuletsabe kunjanja, osati olimbitsitsa amene mungapirire.

Pali vuto lina lobisika la rebound yolimba kwambiri, ndipo limaonekera pa msewu wadothi wa timabampu totsatizana ngati malata. Sipuling'i ikafinyika pa bampu yoyamba, shoko imaigwira osailola kubwerera msanga. Yachiwiri ikuipeza isanatambasuke, yachitatu chimodzimodzi, mpaka galimoto yatsikira pa bump stop n'kumagunda ngati ngolo. Woyendetsa amaganiza kuti mashoko afewa, n'kulimbitsanso, vuto n'kukula. Ngati galimoto ikuyamba bwino koma n'kumaumirabe pamene mabampu akupitirira, fewetsani rebound.

Mashoko a kachunira kamodzi amasintha rebound yokha kapena zonse ziwiri pamodzi, malinga ndi mtundu. Ngati anu ali ndi tochunira tiwiri, fewetsani tonse, muyambe ndi bump: onjezerani pang'onopang'ono mpaka tayala liyambe kulumpha kapena kumenya pa zigamba, mubwerere makiliki awiri. Mukatero chunani rebound monga tanenera.

Za pa kona zibwere komaliza. Ngati polowa m'kona galimoto ikukana kukhota, mphuno ikufuna kupitirira, fewetsani kutsogolo kiliki imodzi kapena limbitsani kumbuyo imodzi. Ngati kumbuyo kukupepuka mukangochotsa phazi pa mafuta, fewetsani kumbuyo. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, mulembe. Dziwaninso malire a shoko: imagwira ntchito pamene thupi likusuntha, polowa ndi potuluka m'kona. Pakati pa kona yaitali, monga pozungulira raundabauti yaikulu, thupi litapendekeka kale n'kukhazikika, olamulira ndi masipuling'i, chitsulo choletsa kupendekeka ndi matayala. Ngati galimoto ikupendekeka kwambiri koma pa mahampu ili bwino, yankho ndi chitsulo choletsa kupendekeka chokulirapo, osati makiliki ena asanu.

Kudidikiza galimoto ndi manja pagalaja n'kuona mmene ikubwerera kumangokuuzani ngati shoko yaferatu. Sikungakuchunireni kanthu.

Zotsala galimoto isanabwerere pamsewu

Yendani masiku angapo kuti masipuling'i akhazikike, muyezenso pa madigadi, mukonze ngati mbali ina yatsika kuposa inzake, kenako mupite ku alayimenti. Kutsitsa kumapendeketsa matayala, pamwamba kulowa m'kati, ndipo kumasokoneza toe, kalozedwe ka matayala chamkati kapena chakunja mukawayang'ana kuchokera pamwamba. Chimene chimadya tayala mwamsanga ndi toe yolakwika, kuposa kupendekekako. Mwezi umodzi ndi wokwana kuti m'mphepete mwa m'kati muoneke mawaya. Suzumiraninso mkono wapansi wakutsogolo galimoto ili chiimire. Ukakhala wopingasa kapena wotsikira pang'ono kutayala, zili bwino. Ukaloza m'mwamba chakutayala, mwatsitsa mopitirira: galimoto yotero imatha kupendekeka kwambiri kuposa kale, ndipo chiwongolero chimagwedezeka chokha tayala likakwera bampu.

Matayala nawo ndi sipuling'i. Mukachoka pa rimu ya mainchesi 15 kupita pa 18 ndi tayala lopyapyala ngati lamba, mwachotsa khushoni yoyamba imene imakumana ndi dzenje, ndipo palibe kiliki ingabweze zimenezo. Pa misewu yathu tayala la 50 kapena 55 (nambala yachiwiri pa saizi ya tayala, yosonyeza kutalika kwa m'mbali mwake) limapulumutsa marimu; 45 ndiye malire anga. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, muone ngati tayala silikukhula m'kati, ndipo muyesenso muli ndi anthu kumbuyo. Nyali zakutsogolo zichunidwenso, chifukwa msinkhu ukasintha zimaloza pena. Pa galimoto yotsitsidwa ya mu Lusaka, chitsulo chotchinga pansi pa sampu n'chotchipa kuposa injini. Ndipo poti chaka ndi chaka mudzapitabe nayo ku RTSA, bungwe la boma loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu, kukayezetsa fitinesi, musalole shoko yodontha kapena tayala lokhula kukhala choncho mpaka tsikulo.

Pakatha sabata ziwiri, bwererani ku kamkanda kaja. Katsitsireninso pansi, muyende masiku atatu m'njira zanu zonse, musuzumire. Kakamangofika pa bump stop mwa apo ndi apo, pa hampu yoipitsitsa ija, zili bwino, ndiyo ntchito ya labalayo. Mukakapeza kataphwanyikiramo tsiku lililonse, kwezani galimoto mamilimita 10, mubwerere ku alayimenti, muyambenso kuwerenga makiliki kuchokera kolimba.